John Chilembwe ndi anthu othawa kwawo amene anawapatsa pokhala

 Ine ndine mlimi wa fodya ndi chimanga, sukulu ndinalekeza ku pulaimale, ndiye mukaona mawu ena apindika mundikhululukire. Akalabu yathu anandisankha kuti ulendo uno ndilembe mbiri ya munthu mmodzi wotchuka amene anamwalira kalekale, ndipo ndasankha M'busa John Chilembwe. Ndikudziwa ena mwayamba kale kufunsa kuti nanga bwanji munthu wa ku Malawi pomwe ife ndife a Mozambique. Dekhani pang'ono, muona kuti nkhani yawo inadutsa pakhomo pathu penipeni.

Chinandiyambitsa ndi mwana wanga wamkazi. Tsiku lina nditachokera kumsika wa ku Chiponde ndinatsala ndi ndalama ya K2,000 m'thumba. Mwanayo ataiona anandifunsa kuti bambo ali pa ndalamayi ndi ndani, ndipo anachita chiyani. Ine ndinangoti anamenyana ndi azungu, basi, mawu n'kuthera pomwepo. Manyazi anandigwira. Ndinapita kwa aphunzitsi ena opuma a m'mudzi mwathu amene amasunga mabuku akale, tinakhala madzulo atatu akundiwerengera n'kumandimasulira. Zimene ndinamva kumeneko ndaziphatikiza ndi zimene ankatiuza agogo anga aakazi tili ana, ndipo ndi zimene ndakulemberanizi.

A Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano m'boma la Chiradzulu. Mbiri imati bambo awo anali Myao ndipo mayi awo, a Nyangu, anali Mmang'anja. Inali nthawi yoipa, malonda a akapolo asanathe, anthu akugwidwa m'midzi n'kumayendetsedwa pansi mpaka kunyanja yaikulu ya mchere, ena mwa iwo kudutsa m'dziko lathu lomwe lino. Ali mnyamata anaphunzirako kuwerenga ndi kulemba pa sukulu ya mishoni ya Askotishi ya ku Blantyre.

M'chaka cha 1892 kunafika mzungu wina dzina lake Joseph Booth. Ameneyu anabadwira ku Derby ku England mu 1851, anawetako nkhosa ku New Zealand, kenako n'kuchita bizinesi ku Melbourne. Mkazi wake atamwalira anasiya zonse n'kubwera ku Nyasaland ndi kamwana kake kakakazi, Emily. Anayambitsa mishoni ya Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi pafupi ndi Blantyre. A Chilembwe analowa ntchito yophika ndi kusamala m'nyumba mwake, ndipo Emily akadwala malungo ndi iwo ankamuyang'anira. Booth anali wosiyana ndi azungu anzake. Ankalipira antchito ndalama zambiri kuposa ena, ndipo ankanena poyera kuti munthu wakuda ndi woyera ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Chifukwa cha zimenezi atsamunda ndi amishoni anzake ankamuda. Iye ndi amene anabatiza a Chilembwe mu 1893, ndipo mu 1897 anawatenga ulendo wa ku America.

Atafika kumeneko anaona kuti azungu ambiri sankakondwera kuona wakuda ndi woyera akuyenda limodzi ngati abale. Mapeto ake awiriwa anasiyana mwamtendere. A Chilembwe analandiridwa ndi mpingo wa Abaptisti akuda wotchedwa National Baptist Convention, ndipo mlembi wake woona za mishoni zakunja, Lewis G. Jordan, anawathandiza kulowa sukulu ya ubusa ya Virginia Theological Seminary and College mu mzinda wa Lynchburg. Apa ndikufuna ndiime pang'ono ndikuuzeni za dziko limene anafikamo, chifukwa mpingo umene anabwera nawo kuno mizu yake ili kumeneko.

Ine ndinkayesa kuti azungu a ku America ndi eni dziko. Ayi ndithu, nawonso ndi obwera, ndipo sanabwere ndi mtima umodzi. Gulu loyamba la Angerezi limene linakhazikika linafika ku Virginia komweko mu 1607, pa malo otchedwa Jamestown. Anali amuna ndi anyamata opitirira pang'ono 100, otumidwa ndi kampani ya ku London kukasaka chuma. Ambiri anali anthu osazolowera khasu, moti njala ya 1609 mpaka 1610 inatsala pang'ono kuwamaliza. Chinawapulumutsa mukuchidziwa, ndi fodya yemweyu tikulima ife. Munthu wina dzina lake John Rolfe anayamba kumubzala mu 1612, ndipo fodyayo atayamba kugulidwa ku England panafunika manja ambiri. Amphawi a ku England ankasaina kuti akagwira ntchito zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri popanda malipiro, kubweza mtengo wa sitima imene yawanyamula. Mu 1619 kunafikanso anthu akuda opitirira 20, ogwidwa ku Angola, amene Angerezi anawalanda m'sitima ya Apwitikizi. Pamenepo ndiye panayambira ukapolo umene unadzatha mu 1865.

Gulu lachiwiri ndi la anthu othawa chifukwa cha chipembedzo. Ku England nthawi imeneyo mfumu ndiyo inali mutu wa mpingo, ndipo wokana kupemphera m'tchalitchi cha boma ankalipitsidwa kapena kutsekeredwa. Kagulu kena ka anthu a kumudzi, ambiri mwa iwo alimi ngati ife, kankapemphera mobisa pa mudzi wa Scrooby. Mu 1608 anathawira ku Holland n'kukakhala mu mzinda wa Leiden. Kumeneko ufulu wopemphera anaupeza, koma minda analibe, ankangogwira ntchito zolemetsa zoluka nsalu, ana awo n'kumayiwala chilankhulo cha makolo. Mu 1620 ena mwa iwo anakwera sitima yotchedwa Mayflower. Apaulendo onse m'sitimamo analipo 102, kuphatikizapo ena amene sanali a mpingowo koma ankangofuna moyo watsopano. Anafika ku Plymouth nyengo yozizira itayamba, ndipo pafupifupi theka anafa miyezi yoyambirira. Otsalawo anapulumuka chifukwa eni dziko, anthu a mtundu wa Wampanoag, anawalandira, ndipo munthu wina dzina lake Tisquantum anawaphunzitsa kubzala chimanga. Kuyambira 1630 kunabweranso gulu lalikulu lotchedwa Puritans, anthu pafupifupi 20,000 m'zaka khumi zokha.

Chodabwitsa ndi ichi, abale anga. Anthu amene anathawa kukakamizidwa pa za Mulungu, atangokhazikika anayamba kukakamiza anzawo. Ndipo amene analandiridwa ndi chimanga, ana awo anadzalanda minda ya owalandirawo ndi mfuti. Panali m'busa mmodzi, Roger Williams, amene anatsutsa zimenezi. Iye ankaphunzitsa kuti boma lisamalowerere pa chikhulupiriro cha munthu, komanso kuti malo ndi a eni dziko ndipo wofuna kukhalapo agwirizane nawo, osangotenga. Anzake anamuthamangitsa. Mu 1636 anakapempha malo kwa mafumu a mtundu wa Narragansett n'kumanga mudzi umene anautcha Providence, kutanthauza chisamaliro cha Mulungu. Pamudzi umenewo ndi pamene panayambira mpingo woyamba wa Baptist ku America mu 1638. Patapita zaka zambiri akapolo akuda ochuluka analowa mpingo wa Baptist, chifukwa m'menemo mpingo uliwonse umadzisankhira wokha m'busa, ndipo wosauka amatha kuimirira n'kulalikira. Ukapolo utatha anamanga matchalitchi ndi masukulu awoawo. Zidzukulu za akapolo amenewa ndi zimene zinasonkha ndalama zophunzitsira a Chilembwe.

Mu 1900 a Chilembwe anabwerera kwawo atadzozedwa ubusa. Sanapemphe malo kwa mzungu aliyense. Anagula maekala 93 pa Mbombwe ku Chiradzulu n'kuyambitsa mishoni yawo. Inu a ku Ngauma mumve bwino apa, dzina lake loyamba linali Ajawa Providence Industrial Mission, ndipo Ajawa ndi Ayao amene. Pambuyo pake inadziwika kuti Providence Industrial Mission, mwachidule PIM, dzina lofanana ndi la mudzi wa Williams uja. Abaptisti akuda a ku America anatumiza owathandiza, M'busa L. N. Cheek mu 1901 ndi mayi Emma DeLany mu 1902, ndipo anakhala mpaka 1906. Pamishonipo ankaphunzitsa kuwerenga, ulimi, kuumba njerwa ndi ukhondo. Akazi awo, mayi Ida, ankaphunzitsa amayi kusoka. Mowa a Chilembwe sankaufuna, ndipo ankalimbikitsa anthu awo kuvala bwino, nsapato ndi chipewa chomwe. Musachione chopepuka chipewacho, chifukwa nthawi imeneyo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira. Pofika 1912 masukulu awo anali ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo mu 1913 anamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa pa Mbombwe.

Tsono funso ndi lakuti, ankadzaza tchalitchi chimenecho anali ndani? Apa ndi pamene nkhaniyi yafika kwathu. Ambiri anali Alomwe ochokera mbali ino ya malire, amene kumeneko ankawatcha Anguru, dzina limene eni ake sankalikonda. Dziko lonse la kumpoto kwa mtsinje wa Lúrio, Apwitikizi analipereka m'manja mwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene inalamulira mpaka 1929. Kampaniyo sinabwere kudzamanga sukulu kapena chipatala. Inabwera kudzatolera msonkho wa nyumba ndi kugwira anthu chibalo. Kummwera kwa mtsinjewo, cha ku mapiri a Namuli, mavuto anali omwewo. Agogo anga ankati amayi awo ankasimba za asipayo obwera usiku, za mbalamatodya yotupitsa manja, ndi za amayi ogwidwa chikole mpaka mwamuna atapereka msonkho. Mu 1912 asilikali a Apwitikizi analanda Mwembe, likulu la Mfumu Mataka, ndipo zaka zomwezo kunagwa chilala. Anthu ananyamula mbewu, mphika ndi ana n'kuzungulira nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa kulowa ku Nyasaland. Abale awiri a agogo a agogo anga anapita ulendo umenewo ndipo sanabwerere. Mwina ena mwa inu muli ndi achibale ku Phalombe, ku Mulanje kapena ku Chiradzulu osadziwa kuti anapitako bwanji. Njira yake ndi imeneyi.

Koma kumene anathawirako minda yabwino inali itatengedwa kale ndi azungu. Pafupi ndi Mbombwe panali esiteti yaikulu ya Magomero, ya kampani ya A. L. Bruce, mdzukulu wa David Livingstone. Woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Wobwera akafuna pomanga nyumba ndi kadimba ankayenera kugwira thangata. Mawuwa kale ankatanthauza kuthandizana kwa pachibale, koma azungu anawasandutsa goli. Pakamwa ankati mwezi umodzi wa malo ndi mwezi wina wa msonkho, koma masiku ankawerengedwa mokhota moti miyeziyo inkatalika, ndiponso inkagwera m'dzinja pomwe munthu amayenera kupalira munda wake. Malipiro nthawi zina ankangopatsidwa masamba a fodya m'malo mwa ndalama. Chikoti chinalipo. Ndipo munthu wobwera akanadandaula kwa ndani, poti akatsegula pakamwa ankaopsezedwa kuti abwezedwa kwa Apwitikizi? Anthu amenewa ndi amene anapeza mpumulo kwa a Chilembwe. Anamanga timatchalitchi taudzu pa esitetipo, koma eni esiteti sankafuna sukulu kapena tchalitchi cha PIM pamalo awo, ndipo Livingstone ankatumiza anthu kukatitentha.

Kwa zaka zoposa khumi a Chilembwe anapirira, akudandaula mwa njira ya mtendere. Thupi nalo linayamba kuwavuta, mphumu ndi maso, ngongole nazonso zikuwapanikiza. Kenako mu 1914 kunabuka nkhondo yaikulu ya azungu. Mu Seputembala Angerezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga, ndipo ambiri amene anafa anali asilikali akuda. Mu Novembala a Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti amphawi amene alibe kanthu m'dziko lawo lomwe akufera nkhondo imene sakuidziwa, n'kusiya amasiye opanda wowathandiza. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe, ndipo linayamba kukonza zowachotsa m'dzikomo.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu awo anaukira. Gulu lina linapita ku Magomero n'kupha Livingstone ndi kumudula mutu. Azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, anaphedwanso. Akazi ndi ana a azunguwo anatengedwa koma sanapwetekedwe, chifukwa a Chilembwe analamula kuti asakhudzidwe, ndipo pambuyo pake anabwezedwa amoyo. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba ya zida ya kampani ya Mandala, koma linangopeza mfuti zochepa. Mmawa wa Lamulungu a Chilembwe analalikira m'tchalitchi mwawo mutu wa Livingstone uli pomwepo. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa ndipo wansembe mmodzi anavulazidwa kwambiri. Izi sindikuzibisa, ndipo sindikuziyamikira. Pakalabu yathu titakambirana tinagawanika. Ena ankati m'busa sagwira mkondo, ena ankati munthu ukamutsekera makomo onse amaboola chipupa. Ine mpaka lero mtima wanga uli pawiri, koma chimene ndikuona n'chakuti magaziwo sanayambe usiku umenewo.

Mafumu ambiri sanalowe nawo, ndipo m'masiku ochepa zonse zinatha. Asilikali anaphwasula tchalitchi cha Mbombwe ndi mabomba. A Chilembwe anathawa kulunjika kuno, kumalire a Mozambique, njira yomwe ija anadzera anthu awo pobwera. Sanafike. Pa 3 Febuluwale 1915 apolisi akuda anawaombera m'dera la Mulanje, ndipo anaikidwa mwachinsinsi, n'chifukwa chake anthu ambiri kwa zaka ankakhulupirira kuti sanafe. Otsatira awo oposa 30 anaphedwa ataweruzidwa, pafupifupi 300 anamangidwa, ndipo ena ambiri anawolokera mbali ino. Taonani, anthu omwe anathawa kuno kupita uko anathawanso uko kubwera kuno. Mishoni inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu, amene anaphunzira pa Mbombwe ali mwana kenako n'kukaphunzira udokotala ku America, anabwera kudzaitsegulanso. Mpingo wa PIM ulipo mpaka lero, ndipo a Malawi amakumbukira a Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse.

Tsopano ndinene zanga. Ine ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo m'boma la Mangochi mu 1990. Makolo anga anathawa nkhondo ya zaka 16 ija usiku, opanda ngakhale khasu. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tinadikirabe, n'kudzabwerera mu 1994. Mayi anga mpaka lero amatchula mayi wina wa kumeneko amene anawabwereka kamunda kobzala maungu osawalipiritsa kanthu. Amatchulanso bambo wina amene ankawalimitsa tsiku lonse n'kuwapatsa kambale ka gaga, podziwa kuti wothawa nkhondo alibe kokadandaula. Onse awiri sanawaiwale.

Lero zinthu zatembenuka. Kwathu kuno malo alipo, ndipo anzathu a ku Malawi ndi amene amawoloka kudzagwira ganyu m'minda yathu ya fodya. Enanso afika m'chigawo chathu kuthawa nkhondo ya ku Cabo Delgado imene inayamba mu 2017. Chaka chathachi ndinali ndi mnyamata wina wochokera kutsidya. Tinapangana kuti ndidzamulipira ndikagulitsa fodya. Fodya ndinagulitsa, koma ndinayamba kuchotsera, ufa umene anadya, sopo, masiku amene anadwala malungo, mpaka ndalama yake inatsala theka. Sanayankhe kanthu, chifukwa analibe mapepala ndipo ankaopa kuti ndikamunenera kwa apolisi. Ananyamula kachikwama kake n'kumapita. Ine ndinkadziona ngati wochenjera. Koma madzulo aja aphunzitsi akundiwerengera za masiku owerengedwa mokhota ku Magomero, thukuta linandituluka. Ndinaona kuti pa nkhani ya Chilembwe ine sindinaime mbali ya Chilembwe. Mwana wobadwira kumsasa ndinachita zomwe anachita anthu a pa Mayflower aja, kuiwala amene anakuphunzitsa kubzala chimanga. Mwezi watha ndinapalasa njinga mpaka kwawo kwa mnyamatayo n'kukamupatsa ndalama yake yotsala. Mayi ake anandiphikira nsima, ine kudya mutu uli pansi.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma m'dera lathu lino la malire tonse takhalapo mame, lero uko mawa kuno. Pempho langa kwa makalabu onse ndi lakuti pa msonkhano wotsatira tikambirane nkhani ya aganyu ndi obwera. Tikamapangana malipiro pazikhala mboni, mfumu kapena mkulu wa mpingo kapena shehe, ndipo zilembedwe papepala ntchito isanayambe. Amene muli ndi agogo odziwa za ulendo wa ku Nyasaland uja, afunseni akadali moyo, mutumize nkhani zawo kuti zidzawerengedwe pa wailesi. Mwana wanga uja tsopano ndinamuyankha funso lake. Ndinamuuza kuti bambo ali pa ndalamayo anagula malo ndi kumanga sukulu kuti anthu othawa kwawo, ena a iwo abale athu, akhale ndi poima ngati anthu.

 Mvula ikagwa bwino tidzaonana kumsika.